Mamendulo a agogo a ku Keyala: amamangidwa bwanji, nanga mdzukulu angawavale?

"Zikomo akatswiri. Pokonza m'nyumba ya malemu agogo athu aamuna tapeza mamendulo asanu ndi imodzi m'kachitini, pansi pa sutikesi yachitsulo. Atatu ndi ooneka ngati nyenyezi, atatu enawo ndi ozungulira. Agogo anali msilikali wa Keyala ndipo ankakonda kukamba za ku Burma ndi ku Malaya. Tinsalu ta mamendulowa tinadyeka ndi njenjete, ndipo awiri ayamba kubiriwira. Msuweni wanga akuti tiwakweche ndi phulusa kuti awale, kenako tigawane aliyense yake. Ine ndimafuna ndiwamange pamodzi n'kukawavala pa mwambo wokumbukira asilikali ku Zomba mu Novembala. Kodi ndi zololedwa kwa ine amene sindinalowepo usilikali? Nanga amamangidwa bwanji?" Mdzukulu, Chiradzulu

Achimwene, mtima m'malo. Tinsalu todyeka si vuto lalikulu, chifukwa riboni wa mendulo iliyonse mwatchulayi amapangidwabe mpaka lero ndipo amasinthidwa. Kubiriwirako nakonso nthawi zambiri kumachoka. Chomwe sichibwerera ndi chitsulo chimene chakwechedwa, ndiye musanachite china chilichonse, auzeni asuweni anuwo kuti phulusa, mchenga, sitiliwulo ndi mandimu zisayandikire kachitiniko. Kuvala ndi kololedwa, koma kuli ndi mbali yake ya chifuwa, ndipo ndifikako. Tiyambe tadziwa zomwe muli nazo m'manja, chifukwa munthu sangamange mamendulo asanadziwe iti ndi iti.

Malinga ndi momwe mwafotokozera, agogo anu anayenda njira imene asilikali ambiri a King's African Rifles (K.A.R., yomwe timati Keyala) ochokera ku Nyasaland anayenda. Mu 1940 ndi 1941 anamenyana ndi Mataliyana ku Somaliland, kumpoto kwa Kenya ndi ku Abyssinia. Mu 1944 ambiri anali m'gulu la 11th East Africa Division limene linatsika chigwa cha Kabaw ku Burma m'kati mwa mvula yadzaoneni, kulowera kumtsinje wa Chindwin. Nkhondo itatha, mabataliyoni awiri a ku Nyasaland anatumizidwanso ku Malaya m'zaka za 1952 mpaka 1954. Munthu amene anadutsa monsemo amakhala ndi gulu la mamendulo lofanana ndi lanuli.

Tengani nyenyezi zitatuzo muziike pansalu yoyera pamalo owala. Iliyonse ili ndi nsonga zisanu ndi imodzi, pakati pali zilembo za mfumu George VI ndi chisoti chaufumu pamwamba pake, ndipo mozungulira zilembozo mwalembedwa dzina la nyenyeziyo. Muwerenga The 1939-1945 Star pa ina, The Africa Star pa ina, The Burma Star pa yachitatu. Yoyambayo inkaperekedwa kwa msilikali amene wakhala miyezi isanu ndi umodzi kumalo ankhondo. Africa Star inali ya amene anamenya nkhondo kumpoto ndi kumpoto chakum'mawa kwa Africa kuyambira pa 10 June 1940, ndipo Abyssinia ndi Somaliland zinali m'gulu lomwelo. Burma Star inali ya pakati pa 11 December 1941 ndi 2 September 1945. Kumbuyo kwake n'kosalala, kopanda dzina. Musadabwe nazo, ndipo musaganize kuti ndi zabodza: boma la Britain linapereka mamendulo a nkhondo yachiwiri osalemba mayina.

Ozungulirawo amasokoneza anthu chifukwa kutsogolo onse ali ndi mutu wa mfumu kapena mfumukazi. Atembenuzeni. Imene kumbuyo ili ndi mikango iwiri itaimirira uku ndi uku, chisoti chili pakati pamwamba pa kamtengo, ndi Defence Medal, ndipo pa iyi mutu wa mfumu ulibe chisoti. Imene ili ndi mkango umodzi utaponda chinjoka chamitu iwiri ndi War Medal 1939-1945, yomwe ankalandira aliyense amene watumikira masiku 28. Yotsalayo, ngati ili ndi kachitsulo kopingasa kolembedwa MALAYA pamwamba pake, ndi General Service Medal. Iyi ndi yasiliva ndipo ndiyo yofunika kuposa zonse pa nkhani ya banja lanu. Iimikeni chammbali muyang'ane m'mphepete mwake mozungulira: mupeza nambala ya usilikali, udindo, dzina la agogo ndi zilembo K.A.R. zitadindidwa ndi tizilembo ting'onoting'ono. Lembani zimenezo papepala lero lomwe. Mendulo imodzi yokhayo ndiyo ikuchitira umboni kuti isanu inayo ndi ya agogo anu, ndipo ichi ndi chifukwa choyamba chimene sindikugwirizana ndi maganizo ogawana. Nyenyezi ya Burma ikachoka pagululi imasanduka nyenyezi ya munthu wosadziwika, yofanana ndi zikwizikwi zina.

Ndondomeko yake sitisankha ndi maso ayi, inakhazikitsidwa kale. Mukawayala patebulo moyang'anizana nanu, kuyambira kumanzere kwanu kupita kumanja, ikhale motere: 1939-1945 Star, Africa Star, Burma Star, Defence Medal, War Medal, kenako General Service Medal. Ya ku Malaya ikubwera kumapeto ngakhale ili yasiliva chifukwa mamendulo a nkhondo amatsatana ndi zaka zomwe nkhondozo zinamenyedwa. Mukadzapeza ina ya kulimba mtima, monga Military Medal kapena Distinguished Conduct Medal, imeneyo imatsogola pa zonse. Ya kutumikira zaka zambiri ndi khalidwe labwino imapita kumapeto kwenikweni. Onse aziyang'ana kutsogolo ndi mbali ya mfumu, osati ya mikango.

Tsopano za kutsuka. Nyenyezi zinapangidwa ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki, Defence Medal ndi War Medal ndi za mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Kuda pang'ono komwe kumabwera ndi zaka si litsiro, ndipo odziwa mamendulo amakukonda. Mankhwala opukutira zitsulo monga Brasso amawalitsadi, koma ulendo uliwonse amadya kachitsulo pang'ono. Mamendulo ambiri a asilikali akale amene ankapukutidwa chaka ndi chaka amafika kwa okonza tsitsi la mfumu litafufutika, mutu utasalala, zilembo za m'mphepete zikuvuta kuwerenga. Inu chitani izi zokha: chotsani tinsalu takaleto, ikani madzi ofunda m'mbale yapulasitiki ndi dontho limodzi kapena awiri a sopo wamadzi wotsukira mbale, viikani mendulo imodzi imodzi kwa mphindi zisanu kapena khumi, ndipo pukutani pang'onopang'ono ndi mswachi wofewa wa mwana. Tsukuluzani ndi madzi oyera, pukutani ndi nsalu ya thonje, kenako muyanike pamthunzi tsiku lathunthu, chifukwa madzi amabisala m'kamphete ka nyenyezi ndi m'malumikiziro a kachitsulo kopachikira. Pomwe pabiriwira, tokosani ndi kamtengo kotokosera m'mano mutanyowetsa. Singano kapena lezala zimasiya mikwingwirima. Ngati kubiriwirako kuli ngati ufa, mukachotsa n'kumabwereranso pakapita milungu ingapo, ndiye kuti chitsulo chikudyeka mkati, ndipo apo siyani, mufunse anthu osamalira zinthu zakale kunyumba zosungirako mbiri.

Tinsalu takaleto musataye, ngakhale tatsala ulusi wokhawokha. Tiikeni mu envelopu yapepala, mulembepo kuti kanali ka mendulo iti. Ndi tomwe agogo anagwira ndi manja awo, komanso timathandiza kutsimikiza kuti mwagula riboni woyenera.

Riboni wa mamendulo onse asanu ndi imodziwa ndi wa mamilimita 32 m'lifupi. Wa 1939-1945 Star ali ndi mizere itatu yofanana kukula: buluu woderako, wofiira, ndi buluu wowala, kuimira asilikali a panyanja, a pamtunda ndi a m'mlengalenga. Wa Africa Star ndi wamtundu wa mchenga, mzere waukulu wofiira pakati, kamzere ka buluu woderako mbali ina ndi ka buluu wowala mbali inayo. Awiri amenewa ndi amene anthu amawatembenuza kawirikawiri, choncho gwirani ichi: mukamayang'ana mendulo kutsogolo, buluu woderako akhale kumanzere kwanu. Wa Burma Star ndi wofiira pakati, m'mbali buluu woderako wokhala ndi mzere wa olenji mkati mwake. Wa Defence Medal ndi wa olenji pakati, wobiriwira m'mbali, ndi timizere takuda pa zobiriwirazo. Wa War Medal uli ndi kamzere kofiira pakati, kenako koyera, buluu, ndi kofiira kumapeto mbali zonse. Wa General Service Medal ndi wa pepo, mzere wobiriwira pakati. Riboni wa pamsika wokongoletsera madiresi sangalowe m'malo mwa ameneyu ngakhale mitundu itafanana: ndi wofewa, amatambasuka ndi kulemera kwa chitsulo, ndipo amasuluka akanyowa. Weniweni ndi wokhuthala, wa timizere topingasa tomveka ndi chala. Amagulitsidwa ndi ogulitsa mamendulo ku South Africa ndi ku Britain, ndipo m'bale amene ali kumeneko akhoza kukutumizirani mu envelopu. Mumuuze dzina la mendulo ndi kuti ndi ya saizi yaikulu, chifukwa palinso riboni wa timamendulo tating'ono tovala pamaphwando ausiku, wa theka la m'lifupi mwake. Pamodzi ndi riboniyo muitanitsenso chitsulo chomangirapo: ndi kachitsulo kopyapyala kotalika, kamipata kutsogolo ndi phini wautali kumbuyo. Ngakhale muli ndi sikisi, inu mufunika cha mamendulo asanu, chotalika pafupifupi masentimita 16, chifukwa adzasanjikizana.

Kumanga kulipo kwa mitundu iwiri. Koyamba ndi kolendewera, komwe ogulitsa amati swing mounting: riboni yekha ndiye amasokedwa pachitsulo, mendulo n'kumalendewera mwaufulu. Asilikali a m'badwo wa agogo anu ambiri ankavala chonchi, ndipo kulira kwa ngwe ngwe ngwe komwe mumamva madoda akamaguba pa mwambo kumachokera pamenepa. Ubwino wake ndi wakuti n'kosavuta, ndipo munthu akhoza kutembenuza mendulo n'kuona kumbuyo. Kuipa kwake ndi kulira komweko, chifukwa kumatanthauza kuti zitsulo zikugundana. Nsonga za nyenyezi n'zakuthwa, ndipo Burma Star imakhala ikujompha nkhope ya mfumu pa Defence Medal yoyandikana nayo mpaka kusiya timaenje.

Kwachiwiri ndi kwa pachimango, court mounting. Apa kumbuyo kumakhala kathabwa kolimba, riboni amakutira kathabwako, ndipo mendulo iliyonse imasokereredwa kuti isagwedezeke. Kumafuna riboni wambiri ndi dzanja lodekha, koma kumateteza zitsulo. Kwa gulu la sikisi lomwe lili ndi nyenyezi zitatu komanso mendulo yasiliva ya dzina, ine ndingasankhe kwa pachimango. Koma ngati muvala kamodzi pachaka, n'kuyenda pang'ono chabe, kolendewera sikolakwika, ndipo telala waluso akhoza kukuchitirani tsiku limodzi.

Muyezo womwe umalamulira zonse ndi uwu: kuchokera pamwamba pa riboni kufika pansi pa mendulo pakhale masentimita 9.5 mpaka 10, ndipo pansi pa mamendulo onse pakhale pamzere umodzi. Popeza nyenyezi ndi zazitali mosiyana ndi ozungulira, utali wa riboni wooneka umasiyana pa iliyonse. Amene amadula maliboni ofanana n'kuyamba kusoka amapeza pansi pali pokwera ndi potsika. Jambulani mizere iwiri yopingasa papepala, yotalikirana masentimita 10, ndipo muziyeza mendulo iliyonse pamenepo musanabaye singano.

Pa kumanga kolendewera dulani masentimita 15 mpaka 18 a riboni pa mendulo iliyonse. Pisani riboni m'kachitsulo kopachikira. Pa ozungulira kachitsuloko n'kowongoka ndipo riboni amadutsa ali chitambasukire. Pa nyenyezi pali kamphete, ndiye riboni mumamupinda mbali zonse ziwiri kulowera kumbuyo kuti apange kansonga kolowa m'mphetemo, mizere yake ikuonekabe mofanana uku ndi uku, kenako mumabaya kawiri kapena katatu kumbuyo kuti mapindowo asamasuke. Nsonga ziwiri za riboni zikwere pamodzi, zidutse pamwamba pa chitsulo chomangirapo, zipindikire kumbuyo, musokere pamenepo. Chitsulocho chisaoneke kutsogolo ngakhale pang'ono. Ulusi ukhale wolimba wa poliyesitala, wamtundu wofanana ndi mzere womwe mukubayapo.

Mamendulo akafika asanu amakhala moyandikana, riboni kukhudza riboni. Akapitirira asanu amasanjikizana, chifukwa chitsulo chotalika kuposa pamenepo chimafika kukhwapa. Kwa inu masamu ake ndi awa: pa masentimita 16, riboni woyamba aoneke yense, masentimita 3.2, ndipo asanu otsalawo agawane 12.8, kutanthauza kuti aliyense aoneke pafupifupi masentimita 2.6, mbali inayo itabisika pansi pa mnzake wakutsogolo. Ikani timadontho pachitsulo ndi pensulo. Ndipo yambani kusoka ndi yomaliza, ya ku Malaya ija, n'kumabwerera cham'mbuyo, kuti 1939-1945 Star isokedwe pomaliza n'kukhala pamwamba pa onse. Mukayamba ndi yoyamba, gulu lonse lisanjikizana chozondoka ndipo mudzasosola zonse.

Pa kumanga kwa pachimango mufunika masentimita 25 mpaka 30 a riboni pa mendulo iliyonse. Kathabwako kadulidwe ku pulasitiki yopyapyala yolimba kapena ku nsalu yolimbitsira makolala yomwe matelala ali nayo, yoikidwa kawiri kapena katatu. Katoni wamba musagwiritse ntchito: amayamwa chinyezi nthawi yadzinja, amapindika, ndipo mphemvu zimamukonda. M'lifupi kafanane ndi chitsulo chomangirapo, m'litali kakhale pafupifupi masentimita 8, kuti kathere chapakati pa mendulo, theka la pansi la mendulo likhale lotulukira. Choyamba mumakuta kathabwako ndi riboni wa mendulo iliyonse pamalo pake, kuchokera pamwamba mpaka pansi n'kupindira kumbuyo, kuti kuseri kwa mendulo kuzioneka mitundu yake yomwe. Kenako riboni wonyamula mendulo amagona pamwamba pake. Mendulo imamangidwa ndi ulusi wodutsa pakhosi la kachitsulo kopachikira, kapena pakamphete ka nyenyezi, kuboola kathabwa n'kumangidwa kumbuyo. Chitsulo cha phini chimasokedwa chakumtunda kwenikweni kumbuyo. Mukachitsitsa, gulu lonse limaweramira kutsogolo likavalidwa. Pomaliza mumaphimba kumbuyo ndi nsalu yakuda yokhuthala. Guluu asakhudze mendulo. Ena pofuna kufulumira amamata mendulo pa riboni ndi supagulu, ndipo akauma amasiya chipsera choyera chomwe sichichoka popanda kupala chitsulo. Kuboola mendulo, kuwotcherera kamphete kothoka ndi moto, kupaka vanishi, kapena kulembetsa dzina la agogo kumbuyo kwa nyenyezi, zonsezi ndi zosabwezeka ndipo musalole mmisiri aliyense azichite.

Tifike pa funso lanu lenileni. Mwambo womwe maiko a Commonwealth amatsata ndi wakuti mwini mamendulo amavala kumanzere kwa chifuwa, ndipo wachibale wa msilikali amene anamwalira amavala kumanja. Mbali imeneyi ndiyo imauza aliyense pamwambopo kuti munthuyu sakudzitcha msilikali, akuimirira kholo lake. Mukavala kumanzere, madoda amene anaionadi nkhondo adzakufunsani bataliyoni yanu, ndipo adzakhala ndi chifukwa chokhumudwira. Ndondomeko ya mamendulo simuisintha chifukwa choti apita kumanja, gulu limavalidwa momwe linamangidwira. Amavalidwa pa mwambo wokumbukira, womwe umachitika Lamulungu lachiwiri la Novembala, loyandikana ndi 11 November, tsiku limene nkhondo yoyamba inatha mu 1918, komanso pa miyambo ina yokumbukira asilikali. Si a ku ukwati, ku msonkhano wachipani kapena kojambulitsa zithunzi za pa Facebook. Timaliboni tating'ono topanda mendulo tomwe asilikali amasoka pa yunifolomu ndi ta eni ake okha. Duwa lofiira la popi mulivale kumanzere, pakolala ya jekete.

Jekete ikhale yakuda kapena yamtundu wodekha. Chitsulo chigone mopingasa, molingana ndi pamwamba pa thumba la pachifuwa la mbali inayo. Mamendulo sikisi amalemera, ndipo phini wake ndi wonenepa moti amasiya mabowo ndi kukoka nsalu. Muuzeni telala asoke timalupu titatu kapena tinayi ta ulusi wokhuthala pamzere wowongoka pajeketepo, phini azidutsa m'timalupumo m'malo mobaya nsalu, ndipo mkati mwa jekete aikemo kachigamba kolimba pamalo omwewo. Ngati adzavala ndi mlongo wanu pa bulauzi kapena diresi, kachigamba kamkatiko n'kofunika kwambiri chifukwa nsalu yopyapyala imang'ambika. Yesani kunyumba, muyende, muwerame, muone ngati kokolera phini kakugwira. Mamendulo ambiri amagwa pokwera ndi potsika minibasi, choncho anyamuleni m'kabokosi mukavalire pamalo a mwambo, pafupi ndi chipilala cha Keyala ku Zomba, ndipo muvule musananyamuke.

Za asuweni anu, m'malo mogawana, banja ligwirizane munthu mmodzi wosunga, ndipo ovala azisinthana chaka ndi chaka. Amene akufuna chake chosunga akhoza kugula timamendulo tating'ono kapena makope, omwe ogulitsa achilungamo amawadinda mawu akuti COPY kumbuyo. Akabwera munthu wofuna kugula imodzi yokha, makamaka yasilivayo, mukaneni.

Pali malo angapo pomwe ndi bwino kufunsa ena musanapitirire. Ngati zomwe mwawerenga pa mamendulo sizikufanana ndi zomwe ndafotokozazi, kapena dzina la m'mphepete si la agogo, musamange kaye. Asilikali ena ankalembetsa usilikali ndi dzina lina, ndipo ena ankasungira anzawo. Fufuzani m'sutikesimo buku lotulukira usilikali, chifukwa kawirikawiri limatchula mamendulo amene munthu analandira. Tengani nambala ija ndi zithunzi za mbali zonse ziwiri za mendulo iliyonse mupite nazo ku bungwe la asilikali opuma la VELOM, kapena kwa akuluakulu a Malawi Defence Force ku Cobbe Barracks, ndipo National Archives ku Zomba komweko ndi koyenera kufunsako za mbiri ya bataliyoni. Matelala amene amasokera asilikali kufupi ndi mabalaki amaidziwa ntchito yomanga mamendulo, popeza asilikali a lero obwera kosungitsa mtendere ku Congo nawonso amamangitsa awo. Pemphani kuona ntchito yomwe anamaliza kale, mutembenuze muone kumbuyo ngati mulibe guluu, ndipo ngati n'kotheka akumangireni inu muli pomwepo. Ngati kamphete kathoka kapena kachitsulo ka MALAYA kakugwedera, musakapanitse ndi pulayala, kasiyeni kwa wodziwa.

Mwambo ukatha, pukutani zitsulozo ndi nsalu youma pomwe zala zanu zinagwira, chifukwa thukuta ndilo limayambitsa kubiriwira. Kulungani gululo m'nsalu ya thonje yochapa bwino, osati m'nyuzipepala kapena m'jumbo, ndipo labala womangira ndalama asakhudze siliva chifukwa amaidetsa. Ikani m'bokosi lotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tomwe timabwera m'mabokosi a nsapato, mulisunge pamwamba, kutali ndi khoma lonyowa ndi dzuwa lomwe limasulutsa riboni. Muzitsegula kawiri pachaka, mvula ikamayamba ndi ikamatha, kuti muone ngati njenjete kapena kubiriwira zabwerera. M'bokosi lomwelo muikemo pepala lolembedwa dzina lonse la agogo, mudzi ndi mfumu yawo, nambala ya usilikali, bataliyoni, ndi mayina a mamendulo onse mwa ndondomeko yake.